Kodi Namwino Wophunzira Amayesedwa Bwanji Asanatigwire?

Amayi anzanga a kwa Katuli, ndi inu nonse a ku Namwera, ku Chiponde ndi m'midzi ya m'malire, sabata ino ndati tikambirane nkhani imene timainong'ona pa mjigo ndi pa chigayo, koma tikafika pamaso pa adokotala timangoti zii. Nkhani yake ndi ya ana a sukulu a m'chipatala, atsikana ndi anyamata amene akuphunzira unamwino ndi uzamba. Ambiri a inu munawapeza mutatumizidwa ku chipatala chachikulu ku boma, mutatsika zitunda zonse zija ndi kuoloka Shire pa mlatho. Munawaona ataima m'mbali mwa bedi, kabuku kali m'thumba, maso ali pa sisitala wamkulu. Ndipo ndikudziwa zimene mtima wanu unanena: “Ine ndachokera kutali chonchi kuti mwana uyu adzaphunzirire pa thupi langa?”

Funsolo si lachipongwe ayi. Inenso ndinalifunsapo mumtima zaka zapitazo, pamene ndinali kudikirira mng'ono wanga pa chipatala china. Iye anachira usiku, mwana wamkazi, ndipo tonse tinati zatha bwino. Patapita kanthawi ndinaona kuti chitenje chimene anagonera chanyowa ndi magazi. Ndinachichotsa ndi kuyala china, nachonso sichinachedwe kunyowa. Monga tinaleredwera, ndinaona kuti n'zamanyazi kuti anthu aone zotere, choncho ndinazikulunga msanga kuti ndikazichape kuseri. Pakhomo ndinakumana ndi mtsikana wa sukulu, wamng'ono ndithu, woti ndikanatha kumubereka. Anandigwira mkono mwaulemu nati, “Pepani mayi, musachape. Ndizione kaye.” Anazitambasula, naziyang'ana, kenaka anathamangira kwa mng'ono wanga nayamba kumutikita pamimba uku akufuula kuitana sisitala. Ine ndinakwiya kuti akupweteka munthu wotopa kale. Sindinadziwe kuti mtsikanayo anali kuchita chinthu chimene anachibwereza kambirimbiri pa chidole, aphunzitsi ake atagwira pepala ndi wotchi.

Tsono lero ndifuna tione bwino pepalalo ndi wotchiyo. Koma poyamba timve chimene amawayesa.

Masiku ano m'zipatala muli kagwiridwe ka ntchito kamene m'Chingerezi amakatcha care bundle. Ife tingoti mtolo wa chithandizo, pakuti tanthauzo lake ndi lomwelo. Mukapita kunkhuni simubwerera kumudzi ndi chikuni chimodzichimodzi. Mumazisonkhanitsa, kumanga ndi luzi, ndi kusenza kamodzi. Mtolo wa chithandizo ndi zinthu zowerengeka, kawirikawiri zitatu, zinayi kapena zisanu, zimene kafukufuku anatsimikiza kuti chilichonse mwa izo chimathandiza wodwala, ndipo lamulo lake ndi lakuti zichitike zonse, pamodzi, kwa wodwala aliyense, usana ndi usiku. Mulibe zachilendo m'menemo. Zambiri zinali zodziwika kale, koma wina ankachita ziwiri n'kuiwala chachitatu, wina ankayesa chimodzi n'kukhala pansi kudikira kuti aone ngati chigwire ntchito, nthawi n'kumapita.

Maganizo amenewa anayambira ku America cha mu 2001, pa bungwe lotchedwa Institute for Healthcare Improvement, ndipo chimene chinawatchukitsa ndi ntchito ya Dokotala Peter Pronovost m'chigawo cha Michigan. Kumeneko odwala mwakayakaya ankatenga matenda kudzera pa kapaipi kamene amalowetsa mu mtsempha waukulu. Pronovost anati aliyense woika kapaipiko atsate zinthu zisanu, choyamba chake kusamba m'manja, ndipo anamwino anapatsidwa mphamvu yomuimitsa dokotala akadumpha chimodzi. Zotsatira za m'mawodi 103, zimene zinasindikizidwa mu 2006, zinaonetsa kuti matendawo anatsika ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Taganizani, amayi, namwino kuimitsa dokotala pamaso pa anthu! Komatu ndi zimene zinapulumutsa odwala.

Mtolo umene utikhudza kwambiri ife ndi wa kutaya magazi pambuyo pochira, pakuti vuto limeneli ndilo limapha amayi ambiri pa uchembere pa dziko lonse lapansi. Silichedwa. Mayi wathanzi amene anali kuseka ndi khanda lake pa 2 koloko angathe kutisiya 4 koloko isanakwane.

Kwa zaka zambiri azamba ankayeza magazi ndi maso, koma diso limanama. Magazi amalowa m'zitenje ndi m'matiresi, ena amagwera pansi, ndipo amene akuoneka amakhala ochepa kuposa amene atayika. Mu 2023 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wotchedwa E-MOTIVE, amene anatsogolera Pulofesa Arri Coomarasamy wa ku Birmingham, ndipo anachitika m'zipatala 80 za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania, pa amayi oposa 200,000. M'theka la zipatalazo ankayala pansi pa mayi pulasitiki yokhala ndi kathumba kosongoka kolembedwa mizere, kuti magazi azisonkhana m'menemo ndi kuwerengeka. Akafika mamililita 500, ndiye theka la lita, kapena akafika 300, muyeso wa botolo limodzi la Fanta, mayi akuonetsa kale zizindikiro zoopsa, mzamba sadikiranso. Amatikita chiberekero kuti chilimbe, amapereka mankhwala ochilimbitsa monga oxytocin, amapereka ena oletsa magazi otchedwa tranexamic acid, amaika diripi, amafufuza kumene magaziwo akuchokera, kaya pang'ambika kaya chidutswa cha nsengwa chatsalira, ndipo zikakanika amaitana akuluakulu kapena kutumiza mayiyo msanga. Sayamba ndi chimodzi n'kuona kaye. Zonse zimayendera limodzi.

Kusiyana kwake kunali kwakukulu. M'zipatala zimene zinapitiriza mwa kale anazindikira amayi 51 okha mwa 100 alionse otaya magazi, pamene m'zipatala za mtolo anazindikira 93. Amayi amene anataya magazi koopsa, kapena kuchitidwa opaleshoni chifukwa cha magaziwo, kapena kumwalira nawo, anali 43 mwa 1,000 alionse kwa akale, koma 16 okha kwa a mtolo. Chaka chomwecho bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza maiko kutsata njira imeneyi.

Ndisanapitirire, mundilole ndikuuzeni za mayi mnzathu. Mankhwala aja a tranexamic acid anawatulukira ndi dokotala wamkazi wa ku Japan, Utako Okamoto, pamodzi ndi mwamuna wake Shosuke, mu 1962. Cholinga chake chinali amayi ochira, koma panapita zaka zoposa 50 asanayesedwe mokwanira pa amayiwo. Kafukufuku amene anatsimikiza kuti amapulumutsa miyoyo anatuluka mu 2017, iye atamwalira mu 2016. Ndipo mumve ichi, inu a kutali ndi boma: mankhwalawa amathandiza akaperekedwa maola atatu asanathe chichirireni. Werengani nokha maola amene amapita mayi akachirira kunyumba m'dzinja, kufuna njinga yamoto, kuoloka mitsinje yodzaza, kufika pa chipatala chaching'ono ndi kuyembekezera ambulansi.

Tsono mwana wa sukulu angadziwike bwanji kuti mtolo umenewu wausenzadi? Njira yakale inali ya cholembera ndi pepala: tchula zoyenera kuchita mayi akamataya magazi. Mayeso otere alipobe ndipo ndi ofunika, koma inu amene munalera atsikana mukudziwa malire ake. Mtsikana angathe kukufotokozerani bwinobwino kaphikidwe ka nsima, kuyambira pa kutereka madzi kufikira pa kuomola, koma mumpatse mthiko ndi mphika wa pa maliro, anthu akudikira, mpamene mumadziwa ngati ndi wophika. Mu 1990 mphunzitsi wa madokotala wa ku America, George Miller, anaika nzeru yomweyi m'masitepe anayi: kudziwa chinthu, kudziwa kachitidwe kake, kuonetsa kuti ungachichite, ndi kuchichitadi pa ntchito pamene palibe wokupenya. Mayeso olemba amafika pa sitepe yachiwiri basi.

Pofuna kuyeza sitepe yachitatu, masukulu a unamwino, a kuno kwathu omwe, amagwiritsa ntchito mayeso otchedwa OSCE, amene anayambitsa Ronald Harden ku Dundee m'dziko la Scotland mu 1975. Chipinda amachigawa m'malo angapo. Pa malo alionse pali ntchito yake, mphindi zake zowerengeka, ndi woyesa amene wagwira pepala la mizere. Belu likalira wophunzira amasiya pomwepo ndi kupita pa malo otsatira. Ubwino wake ndi wakuti onse amakumana ndi vuto limodzimodzi ndi pepala limodzimodzi, kotero kuti mwana wa mfumu ndi mwana wa msodzi amayezedwa ndi muyeso umodzi, ndipo kumwetulira kwa mwana wochenjera pakamwa sikumuonjezera malikisi.

Pa malo a kutaya magazi pamakhala zoseketsa kwa woonerera, koma kwa woyesedwa thukuta limachita kuyenderera. Mphunzitsi amamangirira pamimba pake chidole chonga chikwama, chopangidwa ndi anthu a ku Norway, chotchedwa MamaNatalie. M'kati mwake muli kamwana, nsengwa, ndi thanki ya madzi ofiira. Mphunzitsiyo amagona ngati mayi wochira, kubuula, ndi kutsegula kampopi mobisa kuti madzi aja ayambe kutuluka. Dzanja lake lili m'kati mwa chidolecho, ndipo ndi iye amene amachititsa chiberekero kukhala chofewa kapena cholimba. Wophunzira akatikita molondola, chimalimba. Akangosisita pamwamba ngati akupaka mafuta, madzi amapitirira kutayika. Dziko lathu linali limodzi mwa malo atatu, pamodzi ndi India ndi Zanzibar, kumene maphunziro a chidole chimenechi otchedwa Helping Mothers Survive anayesedwa poyambirira, ndipo zotsatira zake zinalengezedwa mu 2014.

Woyesa salankhula. Amangochonga. Kodi wasamba m'manja? Kodi wazindikira pa mphindi yanji kuti magazi apyola muyeso? Waitana thandizo, kapena wafuna kulimbana nazo yekha kuti aoneke katswiri? Wagwira chiberekero? Watchula mankhwala oyenera ndi mlingo wake? Wayang'ana nsengwa ngati yatuluka yathunthu? Wamuuza mayi chimene chikuchitika? Pa mizere imeneyi pali ina imene ukaidumpha walephera malo onsewo, ngakhale ina yonse utaikhoza.

Apa mpamene pali kusiyana ndi sukulu imene tinaidziwa ife. Ku pulayimale mwana akakhoza zinayi mwa zisanu amapeza malikisi 80, ndipo kunyumba timamuphera nkhuku. Powerenga mtolo sizitero. Akatswiri a njirayi amawerenga kuti zonse kapena palibe: wodwala amene walandira zinayi mwa zisanu amalembedwa kuti sanalandire mtolo. Poyamba ndinaona ngati nkhanza, koma nditaganizira ndinavomereza. Mayi amene watikitidwa, wabayidwa jakisoni ndi kuikidwa diripi, koma palibe amene wayang'ana kuti wang'ambika m'kati, adzatayabe magazi mpaka m'mawa. Kwa iye malikisi 80 aja alibe ntchito.

Ine ndikanakhala woyesa ndikanaonjezera mzere umodzi wa kwathu kuno. Amayi ambiri a kwa Katuli ululu ukafika pachimake amalankhula Chiyao, chilankhulo cha pa bere. Mwana wochokera ku Ntchisi kapena ku Rumphi, ngakhale akhoze chidole chonse, ayenera kudziwa mawu owerengeka ofunsira mayi ngati akumva chizungulire kapena ngati maso akuchita mdima, ndi kumva yankho lake.

Sitepe yachinayi ndiyo imene inu mumaiona m'wodi. Kabuku kaja kali m'thumba ndi momwe wophunzira amalemba amayi amene wawayeza pa sikelo, amene wawachiritsa ndi makanda amene wawasamalira, ndipo namwino womuyang'anira amasayina kuti anaona ndi maso ake. Wa dipuloma amaphunzira zaka zitatu, monga pa sukulu ya St Luke's ku Malosa ndi masukulu ena a mishoni. Wa digiri amaphunzira zinayi, monga ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing ya mu 1979. Akamaliza zonsezi sanathebe. Ayenera kukhoza mayeso a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi ndi kulembedwa m'kaundula wake, apo ayi saloledwa kugwira ntchito ya unamwino m'dziko muno.

Ndisakunamizeni kuti miyeso imeneyi ilibe chilema. Munthu akadziwa kuti akupenyedwa amasamba m'manja mpaka m'zigongono. Chimene amachita 3 koloko ya usiku ali yekha ndi nkhani ina. Sisitala amene wagwira ntchito usiku wonse ndi amayi khumi angathe kusayina kabuku asanaone bwino. Ndiponso luso la manja limazilala likapanda kugwiritsidwa ntchito: amene anakhoza chidole mu Januwale angathe kudodoma mu Okutobala. N'chifukwa chake aphunzitsi a masiku ano amati kuli bwino kuyeserera mphindi zochepa kawirikawiri pa chipatala pomwepo kusiyana ndi kupita ku maphunziro a sabata yathunthu ku hotela kamodzi pa zaka zitatu. Mukadzaona anamwino akusewera ndi chidole m'mawa inu muli pa mzere, musafulumire kunena kuti akucheza.

Chilema chachikulu ndi chakuti m'chipinda cha mayeso zonse zimakhalapo: magolovesi, diripi, mankhwala, magetsi, ndi mnzako woti umuitane. Pa chipatala cha kumudzi sizikhala choncho nthawi zonse. Oxytocin amafuna kusungidwa pozizira, ndipo akakhalitsa pa kutentha ngati kwa kuno ku Mangochi mphamvu yake imachepa. Pulasitiki ya mizere ija si paliponse pamene mudzaipeza.

Umboni wa zimenezi tili nawo wa m'dziko lathu lomwe. Pali mtolo wina wotchedwa FAST-M, wothandizira mayi amene tizilombo talowa m'thupi mwake pa nthawi ya pakati kapena atachira, uja amatentha thupi, kunjenjemera ndi kutuluka zonunkha. Zinthu zake ndi zisanu: diripi, mankhwala opha tizilombo, kupeza ndi kuchotsa gwero la matendawo, kuona ngati atumizidwe ku chipatala chachikulu, ndi kumuyeza pafupipafupi, zonse ziyambike ola limodzi lisanathe. Mtolo umenewu unayesedwa koyamba kuno ku Malawi mu 2017 ndi 2018, m'zipatala 15 za ku Dowa, Kabudula ndi Mitundu. Asanaphunzitsidwe ogwira ntchito, palibe mayi ndi mmodzi yemwe amene analandira zisanu zonse pa nthawi yake. Ataphunzitsidwa, olandira msanga mankhwala opha tizilombo anakwera kuchoka pa mmodzi mwa anayi kufika pa awiri mwa atatu, koma olandira mtolo wathunthu anali pafupifupi mmodzi mwa asanu. Amenewatu anali anamwino ndi madokotala okhwima, osati ana a sukulu. Mwaona kulemera kwa kuwerenga kwa zonse kapena palibe? Kumaulula pamene luzi laduka.

Anthuwo sanagwe ulesi. Pulofesa David Lissauer wa ku Liverpool ndi anzake a ku Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ku Blantyre anaphatikiza mtolowo ndi kusamba m'manja ndiponso njira zopewera matenda, nayesa zonsezi m'zipatala 59 za ku Malawi ndi Uganda, pa amayi oposa 430,000. Zotsatira zake zinatuluka mu 2025: imfa ndi kudwala koopsa kochokera ku tizilombo kunachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu.

Ife amayi mbali yathu tinaichita. Mu 1992 amayi 55 okha mwa 100 ndiwo ankachirira ku chipatala. Pofika mu 2015 ndi 2016 anali 91. Boma litaletsa azamba a kumudzi kuchiritsa mu 2007, ndipo mafumu ataika malamulo awo, tinasenza mitolo ya nkhuni ndi ufa kupita ku chidikiro. Imfa za uchembere zinatsika kuchoka pa 984 mwa ana 100,000 obadwa amoyo mu 2004 kufika pa 439 mu kafukufuku wa 2015 ndi 2016. Popeza tinabwera monga anatiitanira, tili ndi ufulu wofunsa kuti manja amene atilandire anayesedwa motani.

Choncho mukadzakumana ndi mwana wa sukulu, musamuthamangitse, pakuti mzamba amene adzachiritse mdzukulu wanu kwa Katuli zaka khumi zikubwerazi ndi yemweyo, ndipo sangaphunzirire pa chidole chokha. Koma musachitenso manyazi kufunsa mwaulemu kuti, “Mwanangu, akukuyang'anira ndani lero?” Wophunzira woleredwa bwino adzakuuzani dzina lake, adzanena kuti ndi wophunzira, adzapempha chilolezo asanakugwireni, ndipo adzakuonetsani sisitala wake. Amene amathamanga kukaitana wamkulu musamuyese mbuli; pa pepala lija kuitana thandizo ndi mzere wopatsa malikisi. Ngati simunasamalidwe bwino, funsani za ofesi ya ombudsman wa pa chipatala, kumene amalandira madandaulo a odwala.

Ndipo inu odikirira, apongozi, azakhali ndi achemwali, ntchito yanu ndi yaikulu kuposa kuphika phala. Maola oyamba mayi atachira musachoke pambali pake. Funsani mzamba akuonetseni pogwira: pansi pa mchombo payenera kumveka cholimba ndi chobulungira, ndipo mukamva pofewa ngati phala, kapena chitenje chikanyowa msanga, kapena mayi akayamba kunena za ludzu lalikulu, chizungulire ndi kuzizidwa, fuulani. Musaope kudzutsa munthu. Musathamangire kukafuna mankhwala a zitsamba kunja kwa mpanda. Zitenje zonyowa muziike pambali, musazibise ndipo musazichape mzamba asanazione, pakuti pamene palibe pulasitiki ya mizere, muyeso wake ndi zitenje zanuzo.

Mng'ono wanga uja anamuika madiripi awiri usiku umenewo, ndipo sisitala anachotsa kachidutswa ka nsengwa kamene kanatsalira. Kutacha ndinamuona mtsikana wa sukulu uja ataima pa tebulo, maso ofiira ndi tulo, atatambasula kabuku kake, sisitala akumufunsa mafunso mmodzimmodzi asanasayine. Dzina lake sindinalifunse. Zitenje zija ndinakazichapa dzuwa litakwera, iye atandiuza kuti tsopano ndingathe.